Thupi limodzi inde, koma wina asasowe

Loweruka lapitali ndinali ku bridal shower ya mwana wa mnzanga wa ku tchalitchi, ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndabwerako ndi chinthu chomwe chikundisowetsa tulo mpaka lero. Perekani-perekani anayenda bwino, mapoto, mabafa, zitenje, zonse zinaperekedwa, kenako inakwana nthawi ya malangizo. Mayi wina wachikulire, munthu yemwe ndimamulemekeza ndithu, anatenga maiki n'kumuuza mtsikana uja kuti, "Mwanawe, kuyambira lero anzako onse aja uwaiwale. Mnzako tsopano ndi mwamuna wako basi. Za kwaya, za magulu, izo zatha, tsopano ndiwe mayi wa pakhomo." Holo yonse nthungululu, m'manja, ena mpaka kudzuka kukawafupa alangiziwo. Ine maso anga anali pa mtsikanayo. Anali atawerama monga mwa mwambo wake, koma mwana ameneyu ndimamudziwa, ndi amene amayambitsa nyimbo mu kwaya yathu kuyambira ali fomu 2, ndi amene amagulitsa zikwama ndi mafuta onunkhira pa WhatsApp n'kumadzilipirira yekha fizi ya ku koleji. Nde masana amodzi okha tikumuuza kuti zonsezo azivule ngati nsapato, azisiye pakhomo, alowe m'nyumba chimanjamanja.

Sindikulemba ngati munthu wodana ndi banja ayi. Ndili pabanja zaka 16 tsopano, ana atatu, ndipo ndikufuna ndidzakalambe ndi bambo omwewa. Ndikulemba chifukwa malangizo amenewa ine ndinawamvera onse, ndinawatsata mpaka kumapeto, ndipo ndikudziwa komwe amakamusiya munthu.

Nditangolowa m'banja palibe anandiletsa kalikonse, ichi ndinene poyera kuti ndisawanamizire amuna anga. Ndinali ine ndemwe. Kwaya ndinasiya poti pulakatisi inkatha mochedwa nde ndinkaopa kuti apeza nsima isanapse. Netibo ndinasiya poti akuti mayi wapabanja sathamanga pagulu ndi kasiketi. Mnzanga wapamtima, yemwe tinkagawana sopo ndi chigumu ku sekondale, ndinayamba kumuyankha meseji pakadutsa masiku atatu, kenako sabata, kenako anatopa nane, chifukwa iye anali asanakwatiwe ndipo alangizi anandiuza kuti mbeta imapasula banja. Olo nsima imene. Ine ndinakulira mgaiwa, ndimaukonda, ndi nkhwani wotendera, koma bambo akunyumba amakonda ya ufa woyera, nde zaka zinapita ndithu ine osapitako kuchigayo ndi chimanga chosakonola. Tinthu ting'onoting'ono eti? Kalikonse pakokha sikaoneka ngati kanthu, umangoti aaa ichi n'chaching'ono ndisiye, mawa china, mkuja china, osadziwa kuti tinthu timeneto ukatiphatikiza ndi iweyo.

Tsiku lomwe ndinadzidzimuka tinali pamaliro kwathu ku Dedza. Ndikutunga madzi ndi azimayi ena, azakhali anga anandiitana ndi dzina langa lenileni, lija anandipatsa mayi anga, kamodzi, kawiri, katatu, ine osacheuka. Sikuti ndinkanyozera, khutu langa linali litaliiwala dzinalo. Ku tchalitchi ndinali Mrs ujeni, kwa maneba ndinali amake ujeni, kuchimuna ndinali alamu, dzina langa linatsala pa chiphaso ndi pa buku la kuchipatala basi. Azakhaliwo anandigwira paphewa nati, "Iwe, wagontha kodi? Kapena tauni inakusintha dzina?" Anaseka, nanenso ndinaseka, koma pobwerera mu minibasi kuchoka pa Dedza mpaka kufika ku depoti misozi inkangotsika yokha, ndikudzifunsa kuti mtsikana amene azakhali amamuitana uja ndinamusiya pati.

Apa ndi pomwe alangizi athu sanena. Ukataya zako zonse banja silikoma, limalemera. Ine nditasiya kwaya, anzanga, mpira, chomwe ndinatsala nacho chinali kudikira. Kudikira kuti abwera nthawi yanji, adya kapena sadya, aseka kapena akwiya. Akachedwa mphindi 30 mtima uli phaphapha, akafika ndikuwapanikiza ndi mafunso ngati wapolisi, akakhala chete ine ndayamba kale kuwerenga zomwe ndalakwa. Munthu mmodzi ndinamusandutsa kwaya yanga, mnzanga, mayi anga, ntchito yanga, wailesi yanga, zonse. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, nanga mwamuna mmodzi angasenze moyo wonse wa munthu wina kuonjezera pa wake? Anatopa, ndipo sindiwaimba mlandu. Tsiku lina usiku ana atagona anandifunsa mofatsa, "Amake mwana, kodi mtsikana uja ndinamupeza akuimba pa ukwati wa msuweni wanga uja anapita kuti? Ine ndimamusowa." Ndinakwiya kaye, mumtima ndikuti ndinamupha chifukwa cha inu nomwe. Koma iwo atagona ndinatsala m'maso ndikuganiza, anandipempha liti kuti ndimuphe?

Anthu akamva zoterezi amathamangira kunena kuti izi n'zachizungu, za ma NGO, za azimayi ophunzira omwe safuna kugonja. Nde tiyeni tipite kumudzi konko. Agogo anga aakazi anakhala pabanja zaka zoposa 50 koma mpaka tsiku lowaika m'manda anali aNaphiri. Agogo aamuna anali a Banda, koma m'mudzi monse panalibe olo mmodzi amene anawaitanapo mayiwo kuti Mrs Banda, chiwongo chawo chinali chawo, banja silinachifufute. Pitani ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mchinji, mukamva aNabanda, aNangozo, aNachisale, aNajere, mayi wa zidzukulu khumi akuitanidwabe ndi mfunda wa komwe anabadwa. Munda omwe agogo ankalima unali wa kwa amayi awo, poti kwathu kwa Achewa, monganso kwa Ayao ndi Alomwe, mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala chikamwini. Anali ndi nkhuku zawo, mbuzi zawo, kadimba kawo kumtsinje, ankaphika masese n'kumanga kandalama kawo pa mfundo ya chitenje. Agogo aamuna atapita ku Wenela kukagwira ntchito ya mumgodi, nkhokwe sinagwe, ana sanagone ndi njala, poti mayiyo anali woima ndi miyendo yake kale. Ndipo amuna awo ankawalemekeza kwambiri, kugwada popereka madzi, kuwayankha kuti wawa, zonse. Ulemu unalipo, munthunso analipo. Nde amene akuti mkazi kukhala ndi dzina lake, anzake ndi kandalama kake n'zobwera, ine ndimawayankha kuti za Mrs-zi ndiye zinabwera ndi azungu.

Sindikuti kale zonse zinali bwino. Chikamwini chomwecho chimameza amuna. Mkamwini amatha kukhala pamudzi zaka 20 opanda mawu, ana ake omwe wowalamulira ndi atsibweni awo, mwinimbumba, iye ntchito yake kulima ndi kuluka nkhokwe, kubzala mtengo wa mango amachita kuganiza kawiri poti tsiku lina lililonse atha kuuzidwa kuti pindani mphasa yanu muzipita. Uko kwa chitengwa, makamaka komwe amapereka malowolo ngati kumpoto, womezedwa amakhala mkazi, amauzidwa kuti ng'ombe zinapita kale kwanu, ubwerera kukatani. Mbali zonse pamakhala wina amene akusungunuka ngati mchere mu ndiwo, ndipo wosungunukayo sikuti amakhala wokondwa, amangokhala chete, ife n'kumati banja lakuti n'lamtendere.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe makolo anaika chomwe ine ndimachigomera, unkhoswe. Taganizani bwinobwino. N'chifukwa chani ankhoswe amakhala mbali ziwiri, akuchimuna ndi akuchikazi? Kukanakhala kuti mkazi akakwatiwa watheratu, wasanduka chiwalo cha mwamuna, nkhoswe mmodzi akanakwana. Makolo ankadziwa kuti m'nyumbamo muli anthu awiri, aliyense ali ndi kwawo, ali ndi womuyankhulira, ali ndi khomo loti akagogode zikathina. Lero tikulangiza ana kuti za m'nyumba osauza munthu, wachitatu ndi kapasule, mpaka mtsikana akuopa kuimbira nkhoswe wake yemwe. Ankhoswe tawasandutsa a tsiku la chinkhoswe lokha, kupatsana tambala ndi msoti, kujambulitsa, basi ntchito yatha.

Ku tchalitchi nako timagwira vesi imodzi n'kusiya zinzake. Thupi limodzi, inde zili pa Genesis 2:24, ndipo ndimazikhulupirira ndi mtima wonse. Koma thupi limodzi lili ndi maso awiri, manja awiri, ndipo palibe amene amadula dzanja lamanzere kuti lamanja lisangalale. Pa Aefeso 5 timathamangira vesi 22 ya akazi kumvera amuna awo, vesi 21 yomwe ili pamwamba pake penipeni, yoti tizimverana wina ndi mnzake, timailumpha. Nanga mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31 uja timamuwerenga pa shower iliyonse? Tawerengani vesi 16, mayi ameneyu amaona munda, kuuganizira, n'kuugula, pa vesi 24 akupanga zovala n'kumagulitsa. Ndi mayi wa geni, wa maganizo akeake, ndipo mwamuna wake akumutamanda ali choncho. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, tonse ndimeyi timaidziwa pamtima, nde bwanji tikagwira maiki timangotchula zodzuka m'bandakucha zokha?

Ine ndimaganiza kuti ndi mantha. Kwathu kuno mkazi banja likamuthera, chala chimaloza iyeyo, amati linamukanika, sanalangizidwe, ndipo mayi ake nawo amayenda chowerama. Nde ife amayi tikaima kutsogolo kwa mwana timamupatsa njira yomwe ifeyo tinapulumukira, yoti dzichepetse, dzipinde, usaoneke, bola banja likhalepo. Mayi amene analangiza tsiku lija sindikuwada olo pang'ono, ndikukhulupirira ankanena mwachikondi, mwina iwonso anasiya zawo zambiri zomwe sanauzepo munthu. Koma bala lako sungalipereke kwa mwana ngati mphatso limodzi ndi mapoto.

Ana a masiku ano kumezana kwawo kwasamukira mu foni. Chibwenzi cha miyezi itatu, wapereka kale pasiwedi ya foni, ya Facebook, PIN ya Airtel Money ndi ya Mpamba, akuti ngati ulibe chobisa ukuopa chani. Ukaoneka online pa WhatsApp osamuyankha ndi mlandu, ukaika chithunzi wina n'kuikapo kamtima ndi mlandu, uli pamaliro akuti tumiza location, uli mu minibasi akuti yatsa video ndione wakhala ndi ndani. Ndipo si atsikana okha akuvutika, ndaona anyamata akufufuta manambala a asuweni awo enieni, a anzawo a m'kalasi, kuti pakhale mtendere. Kulinso azimayi ku Mangochi, ku Mzimba, omwe amuna awo ali ku Joni, bambo ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town koma ndi amene akulamula pa foni kuti lero upita kumsika kapena supita, chitenje ichi uvala kapena suvala. Timazitcha chikondi, timati akakuchitira nsanje ndiye kuti amakukonda. Ine ndimakana. Munthu amene akufuna kudziwa phazi lililonse lomwe waponda akuchiza mantha ake pogwiritsa ntchito iweyo, ndipo mantha sakhuta, lero wamupatsa pasiwedi, mawa afuna usiye ntchito, mkuja afuna usiye kupita kwanu, ndipo pamapeto pake adzakukayikirabe uli m'nyumba mwake momwemo chitseko chili chotseka.

Tifike pa ndalama, poti ambiri timagwera pamenepa. Mayi akayamba kageni, mandasi, kaunjika, tomato, kapena akalowa banki mkhonde, pali abambo ena amaona ngati alandidwa ufumu. Amati ndimakupatsa chilichonse, ukusowa chani. Koma nkhani sikusowa ayi. Kupempha ya mafuta odzola, kupempha ya chopereka, kupempha ya transipoti yokaona mayi ako akudwala, tsiku ndi tsiku kufotokoza ngati mwana wa sukulu, munthu wamkulu umachepa mumtima pang'onopang'ono mpaka umasiya kufuna zinthu kuti usamapemphe. Komanso tinene zoona, ndi chuma chathu chino ndi nyumba zingati zomwe zingaime pa thumba limodzi? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, shuga, mafuta ophikira zonse zitakwera, m'dera lathu nyumba zomwe zinapumako ndi zomwe mayi anali ndi kake kogwira. Bambo amene analetsa mkazi wake geni anadzitsekera yekha khomo lothawira.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 24, amanena momveka kuti mayi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu wake, payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya sali. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silitchula zibakera zokha, limatchulanso nkhanza za pa chuma, za m'maganizo, ngakhale zomuletsa munthu kucheza ndi anthu ena kuti azingodalira iwe. Nde zina zomwe timaombera m'manja pa shower, zikakula, malamulo amazitcha nkhanza. Mu 2011 kunabweranso lamulo la chuma cha masiye lomwe linaletsa kulanda katundu wa mayi ndi ana bambo akamwalira, koma lamulo likuthandiza bwanji iwe osadziwa kuti mapepala a puloti ali pati, akaunti ili ku banki iti, nyumba ili m'dzina la ndani? Ndinaona ndi maso anga mayi wamasiye, anthu asanabalalike n'komwe pa siwa, akufunsa alamu ake kuti kodi amuna anga ankalandira zingati. Zaka 20 m'nyumba imodzi. Anamuphunzitsa kuti mkazi wabwino safunsa.

Kaya mumawakonda pa ndale kaya ayi, taonani nkhani ya mayi Joyce Banda. Iwo eni akhala akunena poyera kuti banja lawo loyamba linali la nkhanza ndipo anatulukamo ndi ana atatu. Ambiri amathera pomwepo, ngati kuti nkhani yonse ndi yothawa banja. Ine maso anga ali pa lachiwiri. Anakwatiwanso ndi a Richard Banda, omwe anadzakhala jaji wamkulu wa dziko lino, ndipo ali m'banja limeneli ndi pomwe anayambitsa bungwe la amayi a bizinesi la NABW mu 1990, n'kudzafika pokhala pulezidenti mu Epulo 2012, bambowo ali pambali pawo. Munthu yemweyo, mabanja awiri, lina linamufinya, lina linamusiyira mpata woti atambasuke, ndipo lomwe lakhalitsa ndi lachiwirili.

Abambo musaganize kuti ndakuiwalani, azimayi nafenso timameza. Ndikudziwa bambo wina m'dera lathu yemwe ankakonda bawo pansi pa mtengo Loweruka masana, ndi kupita ku Bingu Stadium Maule kapena Manoma akabwera, mowa ayi, akazi ayi, bawo ndi mpira basi. Mayi akunyumba anamenya nkhondo mpaka anasiya, anzake onse akuti ndi oipa, abale ake akabwera nkhope ili khwinya. Lero bamboyo akaweruka amangofikira pa mpando, maso pa TV, osayankhula, ndipo mayiwo akudandaula kwa ife kuti amuna anga anasintha. Mwamuna timamuphunzitsa kuti iye ndi thumba la ndalama basi, fizi, lendi, ndiwo, nde ntchito ikatha kapena ngongole ikamupana amaona kuti iyenso watha, poti palibe china chomwe anatsala nacho, palibe olo mnzake woti amuuze. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri amakhala amuna, chaka ndi chaka. Zifukwa n'zambiri, sindikuti bawo ndi mankhwala, koma mwamuna amene ali ndi anzake awiri atatu oti angakhale nawo pansi n'kunena kuti amwene zandivuta, ali ndi pogwira. Mayi mnzanga, ukamuthamangitsira anzake abwino ukugumula mlatho omwe tsiku lina adzafune kuolokerapo.

Ndikudziwa chomwe ena mukunena mumtima, kuti mawu ngati angawa ndi omwe anthu oipa amabisalamo. Mukunena zoona. Alipo abambo omwe akati ndisiye ndili ndi moyo wanga amatanthauza ku bala mpaka 2 koloko usiku ndi chibwenzi cha mseri, n'kubweretsa matenda m'nyumba. Alipo amayi omwe akati ndalama ndi yanga amatanthauza ngongole za katapila ndi mabanki mkhonde anayi, zomwe bambo amadzazidziwa tsiku lomwe anthu abwera kudzanyamula sofa ndi firiji. Ndipo anzathu ena ndi akapasuledi, amabwera ndi upangiri woti iwo eni sangautsate. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Koma kusiyanitsa sikovuta monga timanenera. Chinthu chomwe ndi chako chenicheni umatha kuchinena mukudya nsima, ndikupita ku kwaya, ndasunga zakuti ku gulu, Loweruka ndikaona mnzanga uja, ndipo mnzakoyo atati ndikuperekeze sungachite mantha. Chomwe chimakuchititsa kuika foni chafufumimba, kutsitsa mawu, kufufuta meseji, chimenecho ndi chinyengo basi, usachiveke dzina lina. Ine amuna anga amadziwa kuti ndili mu banki mkhonde, amadziwa ndimaponya zingati, tikagawana mu Disembala timakhala pansi limodzi kuona za fizi ndi feteleza wa kumudzi, koma PIN ndi yanga, yawo ndi yawo, ndipo palibe amene amagona akukayikira mnzake.

Banjanso limadya ndithu, sindinganamize mwana wa munthu. Mwana akabadwa tulo timatha, wina akadwala mnzake amasiya zake zonse n'kukagona pa simenti ku Central ngati gadiyani, ntchito ikasamutsa mmodzi winayo amasiya makasitomala ake n'kutsatira. Kupirira kumeneko ine ndimakuvomera, mukupirira vuto muli awiri, ndipo vutolo likadutsa umabwerera ku zako. Koma mawu oti banja ndi kupirira tikumuuza nawo mtsikana amene waletsedwa kuseka mokweza, waletsedwa kupita kwawo, wasiyitsidwa sukulu kutatsala chaka chimodzi, ameneyo sakupirira vuto lililonse, akupirira kufufutidwa. Mnzanga akabwera kudzandidandaulira ndimangomufunsa chimodzi, kodi iwe wasiya chani ndipo iye wasiya chani? Ngati chaka ndi chaka wosiya ndi mmodzi yekhayekha, pamenepo ankhoswe akhale pansi.

Ine kubwerera kwanga sikunali kwa phokoso. Ndinayamba ndi kwaya, Lachinayi madzulo. Masabata oyamba zinavuta, nsima inkachedwa, apongozi anamva n'kufunsa ngati m'nyumba muli bwino, amuna anga omwe aja ankati akumusowa mtsikana woimba tsiku lina anadandaula kuti afika nyumba ili zii. Tinakangana, tinakambirana, mwana wamkulu anaphunzira kuphika, iwonso anazolowera kuti Lachinayi ndi tsiku lawo loona homuweki. Mnzanga wa ku sekondale uja ndinamusaka pa Facebook, ndinapepesa, anandikhululukira, koma zaka zomwe zinatayika sizinabwerere, mwana wake woyamba anabadwa ine osadziwa, mayi ake anamwalira ine osapita, ndipo chimenecho chimandiwawabe mpaka pano. Mgaiwa ndimaphika kawiri pa sabata, kapoto kanga pambali, ndipo mwana wachiwiri wayamba kudya nane.

Pa shower paja, anthu ali kalikiliki kujambulitsa, ndinamukokera pambali mtsikana uja n'kumuuza kuti, "Mwanawe, amuna ako uwalemekeze, koma kwaya usasiye, ndipo nambala ya nkhoswe wako isachoke mu foni." Anandiyang'ana nati, "Anti, nanga akakana?" Ine ndinati, "Wawafunsa?" Anapukusa mutu. Sanawafunse n'komwe, anali atasiya kale mumtima mmene ndinachitira ine. Ukwati ndi kumapeto kwa mwezi uno. Ndamuuza kuti akapume milungu iwiri, Lachinayi lachitatu ndidzamupitira pakhomo 4 koloko, ndipo ndidzayamba ndalowa m'nyumba kukapereka moni kwa bamboyo kuti adziwe komwe mkazi wake akupita ndi amene akupita naye.